Mzukwa wa mu Vesuviyo Unkadya Injera

Mukafunsa aliyense mumzinda wathu wa Asmara za Mayi Abrehet, angokuyankhani kuti, "Aja a makiyi aja?" Basi, ngati munthu anabadwa ndi makiyi m'chiuno. Koma sindiwada anthuwo, chifukwa ngakhale ife amene tinakula tikugula matikiti pa kawindo kawo sitinawaonepo kwina kupatula pa khomo la Sinema Vesuviyo. Anayamba ntchito pamenepo ali mtsikana, akusesa makoko a mtedza pansi pa mipando. Kenaka anawakweza kukhala ogulitsa matikiti, m'kachipinda kagalasi koti munthu sungatambasulemo miyendo. Anakwatiwa ndi woyendetsa makina a kanema, amene anapita ku nkhondo osabwerako, ndipo mwana wawo mmodzi yekhayo, Habtom, anaphunzira kukwawa pakati pa mizere ya mipando yofiira ija. Makina atafa, denga litayamba kudontha, eni ake anatseka holoyo nkuwasiyira makiyi kuti aziyang'anira mpaka tsiku lodzakonzanso. Tsikulo silinafikebe, ndipo chimene chinkalichedwetsa kwambiri ndi mzukwa.

Nkhani yake inkamveka motere. Kalekale, m'nthawi ya Ataliyana, filimu inagwira moto m'chipinda cha makina nkupsereza mzungu wina dzina lake Buruno, ndiye mpaka lero amayendayendabe m'holomo kufunafuna nsapato zake. Amisiri amene anabwera kudzayeza denga anamva wina akutsokomola kuseri kwa chinsalu choonetserapo kanema, ndipo makwerero awo ali pomwepo mpaka lero. Wansembe anabwera ndi madzi odalitsa, nkuwaza pakhomo pokha, nkukumbukira kuti ali ndi ubatizo kwina.

Buruno ameneyu sanakhaleko n'komwe. Anachita kumuumba Mayi Abrehet ndi pakamwa pawo, pang'onopang'ono, pa mzere wa buledi, ku tchalitchi, ku chigayo. Mzukwa weniweni unali Habtom. Unali ndi ndevu, ndipo unkadya injera, mkate wathu wopyapyala uja.

Habtom anapita ku usilikali atangomaliza sukulu, ngati mwana wina aliyense kwathu kuno. Kulowa kumadziwika tsiku lake, kutuluka ayi. Atakhalako mpaka tsitsi kuyamba kuthothoka pachipumi, anabwera ku tchuthi, osabwereranso. Asilikali anayamba kugogoda kunyumba. M'misewu munali gifa, kusesa kuja kumene amatseka msewu uku ndi uku nkumafunsa mnyamata aliyense chiphaso choyendera. Mayi Abrehet anamulowetsa mwana wawo kuseri kwa chinsalu, nati, "Ukhale muno masabata awiri okha, fumbi litsike." Fumbi silinatsike. Kugogoda kunakula, mpaka anauzidwa kuti akapanda kumutulutsa mwanayo atengedwa iwowo, nyumba nkuikhoma.

Ndi m'masiku omwewo munamveka kuti bwato lamira pa nyanja yaikulu, lodzaza ana a kwathu othawira kutsidya. Matenti a maliro anadzuka msewu uliwonse. Mayi Abrehet anayang'ana matentiwo, nayang'ana makiyi awo, nkudzutsa lawonso, nati Habtom anali m'bwatomo. Anameta tsitsi, anagubuduka pansi, analira mpaka mawu kusasa, ndipo musaganize kuti misoziyo inali yabodza. Mng'ono wawo wa ku Jeremani analira pa foni mpaka kukomoka. Pa tsiku la makumi anayi anachita sadaka, anapha nkhosa, anthu anadya. Nyama yotsala anaikulunga m'nsalu nkukampatsa mwini maliro kuseri kwa chinsalu. Habtom analawa, nati monong'ona, "Amayi, pa maliro anga mchere kuchepa chonchi?" Anaseka onse awiri atadzitseka pakamwa. Kuyambira pamenepo asilikali sanagogodenso, poti wakufa salondera malire. Koma anthu nawo, powamvera chisoni, anasiya kuwaitana kuti amake Habtom. Ichi chokha chinkawabaya tsiku ndi tsiku, ndipo analibe womudandaulira.

Kuseri kwa chinsaluko ndi kampata chabe, kamene kale munkakhala zimkuzamawu. Munthu akagona chotambalala, chigongono china chimakhudza khoma, china chinsalu. Munali matiresi, ndowa, ndi kabowo kolowetsa mpweya m'mwamba, kamene kankaponya kamzere ka dzuwa pakhoma m'mawa mokha. Masana Mayi Abrehet akakhoma zitseko zonse za kunja, ankatsegula loko wa kakhomo ka pambali pa nsanja, Habtom nkutuluka kukayenda opanda nsapato pakati pa mipando, kupita ndi kubwera, kupita ndi kubwera. Iwo ankayatsa mbaula pa nsanjapo nkukazinga khofi. Kukamveka phazi kunja, mnyamata ankabwerera m'mpata mwake, ndipo masiku ambiri khofi ankamwera momwemo, amake akumupatsira kapu pansi pa chinsalu. Zonse zinali zonong'ona. Mwana wa oyandikana nawo amene anabadwa sabata ya maliro ija anafika poyamba sukulu ya mkaka, Habtom akunong'onabe.

Nthawi zina ankati, "Amayi, ndipite."

"Upite kuti? Ku nyanja komwe ndinakuika kale?"

Ankatero, nkumubwezera mkati, nkukhoma loko cha kunja. Ankati nchifukwa cha ana osamva amene angalowere pa windo. Iwo eni ankadziwa kuti lokoyo sankatchinga olowa okha.

Ndiye kunabwera abelesi. Mvula ikayamba, zipatso za minga zija timati belesi zimapsa, ndipo nthawi yomweyo ana athu okulira kunja amatsika m'ndege ndi magalasi akuda, kudzatiuza kuti mpweya wa kwathu ngwabwino. Amabwera ndi zipatsozo, amathanso nazo, n'chifukwa chake tinawapatsa dzina lomwelo. Chaka chimenecho kunabwera Luwam, mwana wa mng'ono wawo uja, amene anachoka kuno mano akutsogolo atangomera kachiwiri. Anabwera ndi mnzake wa ku Swideni, Natu, mnyamata wamtali amene ntchito yake akuti ndi kusaka mizukwa m'nyumba zakale nkumaonetsa anthu pa intaneti. Ntchito! Ife kuno mzukwa timauthawa, iwo amaukwerera ndege.

"Amayi aakulu, eni holo atilola kale," anatero Luwam atawapsompsona masaya. "Tibwera mawa masana. Natu akuti m'kanema ndi mumdima nthawi zonse, sitifunika kudikira usiku."

Mayi Abrehet anamwetulira. Kukana sakanatha, eni ake atalola. Ndipo anaona msanga pamene anawapanikizira. Anawo akapanda kupeza kanthu, akalengeza kuti mu Vesuviyo mulibe mzukwa, amisiri nkubwerera kudzatenga makwerero awo. Akapeza kanthu, mzinda wonse udzadzaza pakhomo. Kumeza kunali kovuta, kulavula kunalinso kovuta.

M'mawa mwake analawirira ku holo. "Lero ugone chafufumimba, ulume nsalu. Usatsokomole, usayetsemule. Ngakhale ndikuwe, usadzuke."

"Akubwera ndani?"

"Abelesi. Luwam ndi mnzake."

"Luwam? Kalirelire uja?"

Maso a Habtom anawala mumdimamo mwa mtundu woti amake sanaukonde. Anakhoma loko, nkuukoka kawiri.

Luwam ndi Natu anafika dzuwa lili paliwombo. Natu anali ndi kamera, tochi pachipumi ngati wa mu mgodi, zomvetsera m'makutu, ndi tizipangizo tojambula mawu timene anatimwaza pa nsanja ndi pa mipando. Chilankhulo chathu ankachilankhula ngati akutafuna mbatata yotentha.

"Amayi, inu kumuona Buruno ndi maso?"

"Ndimuone ine? Ndili ndi moyo umodzi wokha, mwananga."

"Iye kukwiya ndi chiyani?"

"Ndi anthu ofunsa mafunso."

Luwam anaseka. Natu sanamve kuti amugenda, anaima pakati pa holo nkuyamba kufuula Chitaliyana chimene anachiloweza pa foni. "Sinyori Buruno! Sinyori Buruno!" Nkhunda zinauluka kudenga, fumbi nkumatsika m'kuwala kwa tochi. Anayenda mzere ndi mzere, anakwera ku chipinda cha makina, anatsika, anagogoda makoma. Mayi Abrehet ankamutsata pambuyo, makiyi atawafumbata kuti asalire. Pomaliza tochi ija inaima pa kakhomo ka pambali pa nsanja.

"Umu chiyani?"

"Makoswe. Matabwa ake anawola, ungathyoke mwendo."

"Loko watsopano," anatero Natu akuugwira. Chitsiru chimenechi maso chinali nawo. "Kiyi alipo?"

Pamenepo Mayi Abrehet anakumbukira chida chokhacho chimene mzimayi wa kwathu sasowa. Anakwiya. "Iwe, kwanu ku Swideniko anakulera ndani? Ulowe m'nyumba ya munthu, uyambe kusuzumira kuchipinda usanamwe khofi? Luwam, uyu wamutola kuti?"

"Pepani, amayi aakulu. Natu, khala pansi, usandichititse manyazi."

Khofi wa kwathu sathamangiridwa. Amakazingidwa mlendo akuona, amasinjidwa, amawira katatu, ndipo wochoka asanamwe kapu yachitatu, ya madalitso, watukwana nyumba. Mayi Abrehet ankadziwa kuti anawo akudikiridwa ku chakudya kwa achibale ena. Anaganiza zoukoka khofiyo mpaka nthawi iwathere. Anayatsa mbaula mwachifatse, anaponya lubani pa makala, anaphulitsa mbuliwuli, anatsuka khofi njere ndi njere ngati akusankha mpunga wa ukwati. Kenaka anayamba kukazinga, fungo nkudzaza holo yonse.

Khofi atada bwino, anadzuka ndi chiwaya chofuka, monga mwa mwambo, kuti aliyense adzikupizire utsi kumaso nkudalitsa. Natu anakupiza molakwitsa, ngati akuingitsa ntchentche, nkupempha kuti akaike kachipangizo kena ku mipando yam'mwamba khofi asanawire. Anamulola, poti kunali kutali ndi kakhomo. Luwam anakupiza bwino, nati, "Manja anu adalitsike." Ndiye miyendo ya Mayi Abrehet inapitirira yokha. Inawatengera kumapeto kwa nsanja, dzanja linakweza ngodya ya chinsalu, nkukupizira utsi kunsi kwake, monga ankachitira masana aliwonse kwa zaka zonsezi. Anazindikira chimene akuchita utsi utalowa kale.

"Amayi aakulu," anatero Luwam chapansipansi, "mzungu uja mumamufukiziranso khofi?"

Mayi Abrehet anatsitsa msanga ngodya ya chinsaluyo. Luwam anayang'ana pa thireyi. Anthu anali atatu, makapu anayi.

"Ndi Habtom, eti? Mumamuikirabe."

Akanakana. Koma panali patapita zaka munthu asanatchule dzinalo pamaso pawo, ndipo mutu unangogwedezeka wokha kuvomera. Luwam anamva zake zina: mayi wofedwa amene akulephera kuiwala.

"Inetu za Buruno ndilibe nazo ntchito," anatero akupukuta mphuno. "Ndinangomutsata Natu kuti ndilowe muno. Ndinkati ngati mzimu wake unatuluka m'madzimo, kulibe kwina ungapite. Tinkabisala kuseri kumeneku, ine ndi iye, tikuonera kanema cham'mbuyo, malemba onse atatembenuka. Inu mukutisaka ndi tsache."

"Luwam, khala pansi. Khofi apsa."

Sanamve. Anaima maso ndi maso ndi chinsalu, nachikhudza ndi chikhato. "Chimakutu," anaitana. "Iwe Chimakutu. Unachita kusowa nzeru bwanji, kukwera bwato munthu woopa ndi madzi a m'bafa omwe? Ukanandiuza. Unati udzandiperekeza pa ukwati wanga, udzathamangitsa mwamunayo akakhala wonyansa. Ndakwatiwatu ine, ndipo ngwonyansadi, panalibe womuthamangitsa." Anafuna kuseka, koma kunatuluka kulira, kulira kwenikweni kwa mamina, mapewa akugwedezeka.

Mayi Abrehet anapemphera mumtima kwa oyera onse amene ankawadziwa mayina. Luma nsalu, mwanawe, luma nsalu.

"Iwe Kalirelire! Mpaka pano sunasiyebe?"

Habtom sananong'one. Mawu anatuluka osasa, othyokathyoka ngati chitseko chosatsegulidwa, koma anafika mpaka ku mpando womaliza. Chiwaya chinagwa, khofi nkumwazika pa nsanja ponse. Luwam anabwerera m'mbuyo, nkukhala pansi mosafuna. Kumwamba kunamveka chiphokoso, Natu akutsika masitepe awiriawiri, zomvetsera zikulendewera m'khosi.

"Mwamva? Mwamva? Ndamugwira! Mayo ine, ndamugwira bwinobwino!" Anaima, nkukanda m'mutu. "Koma mzungu kulankhula chathu?"

Luwam anayang'ana chinsalu, anayang'ana loko watsopano uja, anayang'ana makapu anayi, kenaka anayang'ana amayi ake aakulu amene anali atagwada akutola khofi wotentha ndi manja osamva kupsa. Mwana wa mng'ono wawo anali wolira, koma sanali wopusa. Anadzuka, nadzikuntha fumbi.

"Wakhalitsa kuno, Natu. Ungakhale zaka zonsezo osaphunzira? Mbuli ndiwe wekha. Longedza, tizipita. Ine muno sindikhalamonso."

"Koma kakhomo aka..."

"Ukatsegula, ukalowe wekha, ndipo amako ndikawauza ndine kuti unafa bwanji."

Natu analongedza msangamsanga, ali ndi chimwemwe ndi mantha omwe. Anachoka osamwa ngakhale kapu yoyamba, ndipo palibe anakumbukira kuti n'kutukwana. Pakhomo Luwam anawakumbatira Mayi Abrehet, pakamwa pali pa khutu lawo.

"Ndiyesa kuti afufute zimene wajambulazi, koma sadzalola, ndikumudziwa. Kuno intaneti imakwawa, satumiza ali kuno. Akakafika kwawo, aliyense amva. Ndipo dzina lija la Kalirelire, msewu wathu wonse umadziwa amene ankandiitana choncho." Anawafinya kwambiri. "Mumuuze kuti makutu ake ndinawasowa."

Atakhoma zitseko za kunja, Mayi Abrehet anathamangira ku kakhomo. Anatsegula loko. Habtom anatuluka chokwawa, naimirira, ndipo amake anamuwomba mbama imene inamveka holo yonse.

"Wandipha! Ndinameta tsitsi chifukwa cha iwe, ndinanamiza wansembe, ndinanamiza mng'ono wanga wa bere limodzi, ndinadyetsa anthu nkhosa ya bodza, iwe nkudzaziwononga zonse chifukwa cha nthabwala? Sunadziwe kuti makina akujambula?"

"Ndinadziwa. Ndinawaona pa kabowo ka chinsalu."

"Ndiye?"

"Anandiitana, Amayi." Ankalankhulabe mokweza, ngati munthu woyesa nsapato zatsopano. "Inu nomwe mumangoti iwe, iwe. Dzina langa mumaliopa. Ndinayamba kuganiza kuti mwina ndinamiradi, kuti kumira n'kumeneku."

"Uli moyo! Ukudya! Anzako ali pansi pa nyanja!"

"Ndikudya, eya." Anakhala pa mpando wa kutsogolo, nayang'ana chinsalu chimene ankangochiona cham'mbuyo. "Kumene ndinathawa kuja kunali koipa, sindikana. Koma kunali dzuwa."

Mawu amenewo anawapweteka kuposa kugogoda konse kwa asilikali. Anafuna kumutukwana, kumukumbutsa ndowa zimene ankataya m'mawa uliwonse, koma anamuyang'ana bwino m'kuwala kwa mbaula. Khungu linali litatuwa ngati la mbewu yomera pansi pa mtsuko. Msana unali utapindika molingana ndi kampata kaja. Iwo ankati akumusunga.

"Mwandisunga, Amayi, ndipo ndikuthokoza," anatero Habtom ngati wawamva maganizo. "Koma lero musakhome."

Mayi Abrehet anasesa khofi uja, anazimitsa mbaula, anatsuka makapu onse anayi ngakhale sanamwedwe. Anachita chilichonse chimene chikanachedwetsa nthawi. Pomaliza anaima pa kakhomo, loko ali m'manja, mwana wawo atagona mkati chagada, maso ali kudenga. Akanakhoma, sakanawaletsa. Anaponya lokoyo m'dengu, pamwamba pa makapu, nkusiya ndi chitseko cha kumbuyo kwa holo chongotsekedwa ndi mwala.

M'mawa anabwera ndi injera ndi ndiwo ya shiro yotentha, monga mwa masiku onse. Matiresi anali opindidwa, ndowa yotsukidwa nkuvundikira. Jekete la malemu bambo ake, limene linkalendewera m'chipinda cha makina chitsekereni holo, linali litachoka pa msomali. Kaya analowera njira ya ku malire, kaya anakadzipereka yekha, kaya gifa inamutola asanafike pa mphambano, sanasiye chizindikiro. Mayi Abrehet anakhala pansi nkudya okha injerayo, chifukwa kubwerera nayo kunyumba anthu akanafunsa.

Abelesi atapita, kanema wa Natu anatulukadi, ndipo anayenda foni ndi foni mpaka kufika mumsewu wawo. Anthu anazindikira mawuwo tsiku lomwelo. Mayi Abrehet anamanga kamtolo ka zovala nkumadikira kugogoda. Kugogoda kunabwera, koma anali amayi a mumsewu, atafunda nsalu zoyera, misozi ili m'maso. "Amake Habtom, mwamva? Mwana wanu watuluka m'nyanja, wabwerera kumene anakulira. Mulungu ngwamkulu." Msilikali sanabwere ndi mmodzi yemwe. Angamange mzukwa ndani? Ndikaganiza zimenezi ndimapsa mtima, koma sindidziwa kuti ndipsere ndani.

Dzina lija linabwerera, tsopano aliyense amawaitana amake Habtom. Amisiri sadzabweranso, poti mzukwa wa mu Vesuviyo uli ndi umboni. Belesi zapsa ndi kutha kangapo, ndipo foni siinalirepo ndi mawu a Habtom, kaya kuchokera ku Sudani, kaya kutsidya kwa nyanja. Luwam amafunsa mozungulira, "Nkhunda zija zili bwanji?" Iwo amati, "Sizinabwerere." Ngati ali moyo, sangafunse munthu za mwana amene anamuika kale. Ngati anafa, sangamulire, chifukwa tenti ya maliro siidzutsidwa kawiri pa munthu mmodzi, ndipo nkhosa yake anthu anadya kale.

Masana aliwonse mukadutsa pa Vesuviyo mudzamva fungo la khofi likutuluka m'mazenera osweka. Amakazinga, amadzuka ndi chiwaya, amakweza ngodya ya chinsalu nkukupizira utsi kunsi. Kenaka amaitana dzina lake lonse, mokweza, poti tsopano palibenso choopa. Amadikira pang'ono, nkukathira makapu awiri.